Lirangwe ndi R, Chileka ndi L: chiyambi cha Chingerezi chathu "chothyoka"

Lembani mayina atatu awa pa pepala: Chileka, Lilongwe, Lirangwe. Tsopano atchuleni mokweza. Lilime likugunda malo amodzimodzi, koma awiri alembedwa ndi L, limodzi ndi R. Kwa munthu wa Chichewa, L ndi R ndi liwu limodzi lovala malaya awiri. Ndiye mwana wa ku Lirangwe akasokoneza "pray" ndi "play", kapena "rice" ndi "lice", gulu lonse pa WhatsApp kugwa ndi phwete. Koma nkhaniyi ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo siyoseketsa kwenikweni.

Tiyambire mu 1876, pomwe amishoni a ku Scotland adakhazikitsa Blantyre Mission. Iwowa adayamba kulemba chilankhulo cha anthu a kuno ndi zilembo za kwawo, ndipo mu 1892 David Clement Scott adatulutsa dikishonale ya Chimang'anja. Makutu awo adazolowera kusiyanitsa L ndi R, motero aliyense ankalemba momwe wamvera. Nawonso atsamunda ankapunthwa pa mayina athu: Mulanje adamulemba Mlanje, Thyolo adamusandutsa Cholo. Zolakwa zawo zidalowa pa mapu ndi pa zikalata za boma, osasekedwa ndi munthu. Zathu ndiye zidasanduka nthabwala.

Lamulo la kalembedwe lidabwera mochedwa. Chichewa Board, yomwe idakhazikitsidwa mu 1972, idatulutsa malamulo mu 1973: R alembedwe pambuyo pa I kapena E, monga "ndiwo zabwera" ndi "chiwiri", koma L atsale ngati ali koyambirira kwa tsinde la mawu, monga "chilango" ndi "milandu". Ili ndi lamulo la cholembera basi. Pakamwa palibe chidasintha.

Pa Chileka pomwepa m'pamene padayambira mbali ina ya nkhaniyi. Pa 6 July 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa bwalo la ndege la Chileka atakhala kunja zaka pafupifupi 40. Khamu lidamulandira, koma iye ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Zidapitirira choncho ulamuliro wake wonse, ndipo akuluakulu amakumbukirabe John Msonthi akumasulira pa misonkhano. Mu 1968 chipani cha MCP chidakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, komabe ntchito za boma, makhoti ndi Nyumba ya Malamulo zidatsalira m'Chingerezi. Mu 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, komwe ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi ochokera ku Britain. Uthenga udamveka mpaka kumudzi: wanzeru ndi amene amalankhula ngati mzungu.

Kenako mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale. Ana olembetsa adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi omwe anali asanapite ku koleji. Chidali chinthu chabwino kuti ana a alimi alowe m'kalasi. Koma taganizani mphunzitsi mmodzi, ana oposa 100, ena pansi pa mtengo, buku limodzi kulimbirana anthu asanu. Chingerezi cha mwana ameneyu chitsamira pati? Pa Chichewa, chomwe akuchidziwa bwino.

Ndiye tamverani zomwe zimatinyansa zija. "Borrow me your pen": kwathu "kubwereka" kumagwira mbali zonse, wopereka ndi wolandira, pomwe Chingerezi chimafuna "lend" kwa wopereka. Kunena "he" pokamba za amayi: Chichewa chili ndi "iye" mmodzi, alibe mwamuna kapena mkazi. "I am coming" munthu akutuluka pakhomo: ndi "ndikubwera" wathu uja, lonjezo loti sindichedwa. "I can hear a smell": ife timamva mawu, timamva fungo, timamvanso kuwawa. Nanga funso loti "You haven't eaten?" Mmalawi amayankha "yes" kutanthauza kuti eya, sindinadye, pomwe Mngerezi akadati "no". Palibe chisokonezo apa. Ndi galamala ya Chichewa yomwe yabwereka jekete la eni.

Musandimve molakwa, sindikuti tizingolemba chilichonse. Ku MANEB kulibe chisoni: ukalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE palibe, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Lamulo la maphunziro la 2013 lidanenanso kuti ana aziphunzira m'Chingerezi, pomwe kale Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzira m'Chichewa. Choncho mtsikana wa pa sekondale yoyendera ku Lirangwe akuyenera kudziwa kusiyana kwa "borrow" ndi "lend", chifukwa tsogolo lake lapachikika pamenepo.

Funso ndi loti timuthandiza bwanji. Kumuseka kumangomutseka pakamwa, ndipo wotseka pakamwa saphunzira chilankhulo. Koma mukamuuza kuti, "Apa Chichewa chili ndi mawu amodzi, Chingerezi chili ndi awiri," wagwira, ndipo sadzaiwalanso. Wadziwanso kuti mutu wake ulibe vuto.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa ife apolisi a galamala pa Facebook sitidziwa polemba R m'Chichewa chathu chomwe. Timalemba "zambili" lero, "zambiri" mawa, osachita nazo manyazi. Manyazi tidawasungira chilankhulo chimodzi chokha, ndipo amene adatiphunzitsa zimenezo mwawaona m'mbiri yomweyi. Mukakumana ndi "borrow me" sabata ino, konzani ndithu, koma mufotokozenso komwe wachokera.