Mikondo ya ku Curaray: Momwe Mafilimu Afotokozera Chikhululukiro cha ku Ecuador

Pa 8 Januwale 1956, amishonale asanu a ku America analasidwa ndi mikondo mpaka kufa pamchenga wa mtsinje wa Curaray, m'nkhalango za ku Ecuador. Anali Jim Elliot, Nate Saint, Ed McCully, Pete Fleming ndi Roger Youderian. Anawapha ndi anthu a mtundu wa Waorani, omwewo amene kwa milungu ingapo ankalandira zikwanje ndi mapoto m'ndowa yomwe Nate ankaitsitsa pa chingwe, kandege kake kachikasu kakuzungulira m'mwamba.

Mwezi womwewo magazini ya Life inafalitsa nkhaniyi ndi zithunzi. Mu 1957 Elisabeth, mkazi wa Jim, analemba buku la Through Gates of Splendor, ndipo kenako kunatuluka filimu ya dzina lomweli, iye mwini akufotokoza. Mufilimuyo maso ali makamaka pa amuna asanu aja. Awaorani akuoneka, koma wowayankhulira ndi mlendo.

Chikhululukiro chinayamba msanga. Mu 1958 Elisabeth, atanyamula mwana wake Valerie wa zaka zitatu, anakakhala pakati pa anthu omwe anamuphera mwamuna, limodzi ndi Rachel, mlongo wake wa Nate. Anawatsegulira njira ndi Dayuma, mayi wachiwaorani amene anathawa kwawo poopa kuphana. Mu 1965 Steve, mwana wa Nate, anabatizidwa mumtsinje womwe uja ndi Kimo ndi Dyuwi, awiri mwa amene anagwira mikondo tsiku lija.

Filimu ya Trinkets and Beads, imene Christopher Walker anatulutsa mu 1996, inafukula mbali yowawa. Amishonale anasonkhanitsa Awaorani ambiri pamalo amodzi ku Tiwaeno, kumene poliyo inapha ena mu 1969, ndipo m'nkhalango zomwe anasiya munalowa makampani okumba mafuta. Filimuyi imasonyeza Rachel ali gogo, komanso mtsogoleri wachinyamata Moi akumenyera malo a makolo ake. Wokonda ntchito ya uthenga wabwino sayenera kutseka makutu pamenepa.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi Beyond the Gates of Splendor ya Jim Hanon, ya mu 2002. Apa akuphawo akhala pansi n'kufotokoza okha m'chinenero chawo. Akuti mnzawo Nenkiwi, pofuna kubisa mlandu wake wa chibwenzi, ananama kuti alendowo anamuukira, mkwiyo n'kubuka. Akusimbanso za kubwezerana kumene kunkatha mabanja. Akatswiri a chikhalidwe cha anthu anapeza kuti mwa imfa khumi zilizonse, zoposa zinayi zinkachokera ku mikondo ya Awaorani anzawo. Choncho kuleka kubwezera inali ntchito imene iwo eni anaigwira, mwamuna akudya mbale imodzi ndi wakupha bambo ake.

Rachel atamwalira mu 1994, Awaorani anaitana Steve kuti akakhale nawo, ndipo anapita ndi banja lake. Mincaye, mmodzi wa akupha aja, anasanduka agogo a ana ake. Ubale umenewu ndiwo mutu wa End of the Spear, filimu yochita kusewera ya mu 2006, ndi The Grandfathers ya mu 2011, imene imatsata Jesse, mdzukulu wa Nate. Mincaye anamwalira mu 2020.

Panatenga zaka zoposa makumi anayi kuti ojambula awapatse Awaorani mpata wokwanira woyankhula. Atayankhula, ulemu wa akazi amasiye a amishonale aja sunachepe. Koma zinaoneka kuti okhululuka anali ambiri kuposa mabanja asanu a ku America, ndiponso kuti alendo nawo ali ndi mlandu wofunika kupepesa pa nkhani ya matenda ndi malo. Wojambula filimu ya chiyanjano ayenera kumva mbali zonse ziwiri, monga imachitira mfumu pabwalo isanagamule mlandu.