Mai Amene Anaona Chigwa Pansi pa Nyanja

Msodzi akafuna kudziŵa kuya kwa madzi amaponya chingwe chomangirira mwala, ndipo amalinyero akale ankachita chimodzimodzi. Sitima ya ku Britain yotchedwa Challenger, imene inazungulira nyanja zamchere kuyambira 1872 kufikira 1876, inkatsitsa chingwe chokhala ndi chitsulo cholemera kunsonga, ndipo muyeso umodzi wokha unkadya maola angapo. M'chaka cha 1875, kufupi ndi zilumba za Mariana, chingwecho chinatsika mamita oposa 8,000 chisanagunde pansi.

Patapita zaka ngati 50, akatswiri anayamba kuyeza ndi phokoso. Makina amatumiza liu pansi pa madzi nadikira kuti libwerere, monga amabwererera mau a munthu wofuula m'mapiri. Popeza m'madzi liu limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi, nthaŵi imene latenga ndiyo imaulula kuya kwa malowo. Sitima ya ku Germany, Meteor, inayeza motero nyanja ya Atlantic pakati pa 1925 ndi 1927.

Manambala anachuluka, koma manambala omwazikana sanena kanthu popanda wowasonkhanitsa. Ntchito imeneyi inagwera Mai Marie Tharp a ku Lamont, nthambi ya Yunivesite ya Columbia ku New York. Masiku amenewo akazi sankaloledwa kukwera sitima zofufuzira, kotero mnzao wapantchito, Bruce Heezen, ndiye ankapita panyanja, iwo natsala pa tebulo ndi pensulo. M'chaka cha 1952, atandandalika miyeso ya njira 6 zodutsa Atlantic, anaona kuti pamsana pa mapiri a pansi pa nyanja pali chigwa chakuya, choonekera pa njira iliyonse. Anati pamenepo nthaka ikung'ambika.

Heezen anakana, nati nkhaniyo njachitsikana, pakuti akatswiri ambiri ankanyoza ganizo lakuti maiko amasuntha. Koma mapu oonetsa malo oyambira zivomezi atasanjikizidwa pa mapu a Mai Tharp, madontho a zivomezi anagwera m'chigwa chomwecho, ndipo Heezen anagonja.

Aŵiriŵa pofuna chofanizira pamtunda anayang'ana kuno kwathu, ku chigwa chachikulu cha kum'maŵa kwa Africa. Nyanja ya Malaŵi, imene kuya kwake kumafika mamita 700, ili m'chigwa chimenechi. Amene anamva chivomezi cha ku Salima mu 1989, kapena za ku Karonga mu 2009, anamva mphamvu yomweyo imene imang'amba pansi pa Atlantic.

Mapu ao a pansi pa nyanja zonse za dziko anatuluka mu 1977, chaka chimene Heezen anamwalira. Mbali zambiri anachita kungoganizira, chifukwa miyeso inali yotalikirana. Pofuna kutseka mipatayo, mabungwe a Nippon Foundation ndi GEBCO anayambitsa ntchito ya Seabed 2030 m'chaka cha 2017, napempha maboma, makampani ndi eni sitima kuti atulutse miyeso imene anaitsekera m'makabati. Pofika 2023, gawo limodzi lokha mwa magawo anai linali litayezedwa bwino.

Wina angafunse kuti zikutikhudza bwanji ife okhala kutali ndi nyanja zamchere. Nthambo zonyamula mauthenga a lamya ndi intaneti pakati pa maiko zimagona pansi pomwepo, ndipo woyala nthambo ayenera kudziŵa pali phompho ndi pali mwala. Mai Tharp anamwalira mu 2006, ntchito ya pa tebulo lao idakalipo yambiri.