Mmene Nyasaland Idatulukira mu Chitaganya ndi Asilikali Ake

Mlimi wa thonje wa ku Chitala, m'boma la Salima, sadafunsidwe maganizo ake pamene Angelezi adalumikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia m'chaka cha 1953. Mafumu ndi chipani cha Nyasaland African Congress adakana mgwirizanowu, umene anthu adautcha Chitaganya, koma mawu awo sadamveke.

Chimodzi mwa zinthu zimene boma la Chitaganya ku Salisbury lidatenga chidali ulamuliro wa asilikali. Motero mnyamata wa kunyanja wolembedwa usilikali ku Zomba, m'gulu la King's African Rifles, adakhala pansi pa akuluakulu a ku Salisbury pamodzi ndi magulu a nkhondo a maiko awiri aja.

Kuopsa kwa zimenezi kudaoneka m'chaka cha 1959. Dr. Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi pa 6 Julaye 1958, mfuu yokana Chitaganya idafika paliponse. Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adapempha thandizo, ndipo boma la Sir Roy Welensky lidatumiza asilikali ochokera ku Southern Rhodesia. Pa 3 Malichi 1959 kudalengezedwa lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Dr. Banda adamangidwa natumizidwa kundende ya ku Gwelo. Tsiku lomwelo, pa doko la Nkhata Bay, asilikali achizungu adaombera khamu la anthu amene adasonkhana pofuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Bungwe la Devlin, limene lidafufuza nkhaniyi, lidapeza kuti anthu 51 adaphedwa m'dziko lonse m'masiku amenewo.

Mwazi umenewu udalimbitsa mitima ya anthu. Dr. Banda adatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, ndipo pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipani cha Malawi Congress chidapambana kotheratu polonjeza kuchoka mu Chitaganya. Pa 19 Disembala 1962 nduna ya ku London, R. A. Butler, idavomera kuti Nyasaland ikhoza kutuluka.

Koma kutuluka mu mgwirizano wotere kuli ngati kutha kwa ukwati: pamatsala mlandu wa katundu. Pa msonkhano wa ku Victoria Falls m'chaka cha 1963 adakambirana za kugawana ngongole, antchito a boma ndi zida. Southern Rhodesia idalandira gawo lalikulu la asilikali ndi pafupifupi ndege zonse za nkhondo, ndipo mphamvu zimenezi zidalimbitsa mtima Ian Smith pamene adaukira Britain pa 11 Novembala 1965. Nyasaland idalandira gulu loyamba la King's African Rifles. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, gululi lidatchedwa Malawi Rifles. Maofesala achingelezi adapitiriza kulitsogolera mpaka 1972, pamene Graciano Matewere adakhala Mmalawi woyamba kulamulira asilikali onse.

Nkhawa yotere idagwiranso maiko akuluakulu. M'chaka cha 1966 Pulezidenti Charles de Gaulle adachotsa asilikali a France pansi pa ulamuliro wa NATO, pofuna kuti dziko lake lizidzisankhira lokha nthawi yomenya nkhondo.

Gulu limene Malawi adatuluka nalo lidali laling'ono ndi losowa zida. Komabe kuyambira 1964, mwana wa mlimi wa ku Chitala akanyamula mfuti, lamulo lidayamba kuchokera ku boma la dziko lake.