Kuchokera ku Khondowe kufika ku Ngara: mbiri ya pepala la mmisiri

Tchalitchi cha St Michael and All Angels mumzinda wa Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi anthu opanda pepala lililonse la umisiri. Ngakhale m'busa David Clement Scott, yemwe ankatsogolera ntchitoyo, sanapiteko kusukulu ya zomangamanga. Njerwa ankaumba ndi kuwotcha pomwepo, ndipo amuna a m'midzi yozungulira ankaphunzira kumanga uku khoma likukwera.

Kuphunzira moonera kotereku sikunali kwachilendo. Osula makasu, osema mabwato ndi oumba mbiya ankasiyira luso ana ndi adzukulu awo kuyambira makedzana. Chatsopano chimene amishoni anabwera nacho chinali kalasi, mgwirizano wolembedwa pakati pa mmisiri ndi wophunzira, komanso pepala loikira umboni pomaliza.

Zimenezi zinazika mizu ku Khondowe, pamwamba pa phiri m'boma la Rumphi, kumene Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Livingstonia mu 1894. Inatchedwa Overtoun Institution polemekeza Lord Overtoun, mpondamatiki wa ku Scotland amene ankaithandiza ndi ndalama. Pambali pa aphunzitsi ndi alaliki, sukuluyi inkasula akalipentala, omanga nyumba, osindikiza mabuku ndi otumiza mauthenga pa telegalafu. Mnyamata ankalonjeza kukhala pansi pa mmisiri kwa zaka zingapo, sowo kapena levulo ili m'manja, osaiwala kuwerenga ndi masamu. Ntchito yophunzirirapo sinkasowa, poti mishoni yomweyo inali ikumangidwa: nyumba za miyala, mapaipi a madzi, msewu wokhotakhota wa Gorodi wotsikira kunyanja, ndiponso magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, amene anayaka mu 1905.

Vuto linali kopita ukamaliza. Nyasaland inalibe mafakitale okwanira, ndipo eni minda ya tiyi ndi fodya ankafuna olima otsika mtengo kuposa amisiri. Ambiri anamanga akatundu awo kulowera ku Salisbury, Bulawayo, Katanga ndi Johannesburg. Kumeneko luso lawo linkayamikiridwa, koma kukwera pantchito kunali ndi malire. Ku South Africa lamulo la maphunziro a umisiri la 1922 linaika mlingo wa sukulu umene anthu akuda ambiri analibe mwayi woufika, ndipo ku Southern Rhodesia lamulo la 1934 linasungira azungu ntchito zaluso. Munthu wakuda ankatha kudziwa ntchito yonse koma n'kumalembedwabe ngati wothandizira, malipiro akenso a wothandizira.

Ufulu utabwera mu 1964, boma linafuna amisiri akeake. Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima ndi Mzuzu anakhala njira ya achinyamata ofuna umakaniko, zamagetsi, zamipope ndi zowotcherera zitsulo. Wophunzira ankakhala miyezi ina m'kalasi, ina kukampani. Makwerero ake anali mayeso a trade test: kuyamba ndi Giredi 3, kenako 2, n'kumaliza ndi 1. Wa Giredi 1 ndiye ankaganiziridwa pa ufolomani, ndipo malipiro ankatsata giredi.

Mu 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunzirowa. Olemba anthu ntchito amasonkha 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuti ithandize kuphunzitsa amisiri. Komabe malo m'makoleji akuluakulu aja anali ochepa poyerekeza ndi khamu lolemba MSCE chaka ndi chaka. N'chifukwa chake mu 2015 Pulezidenti Peter Mutharika anatsegulira pulogalamu ya makoleji a m'madera ku Ngara, m'boma la Karonga, cholinga chili choti boma lililonse likhale ndi koleji yake, mwana aphunzire ukalipentala kapena utelala kufupi ndi kwawo.

Ngakhale zili choncho, amisiri ochuluka amaphunzirabe monga anachitira omanga tchalitchi cha Blantyre. M'magalaja a ku Ndirande ndi ku Biwi, sipanaboyi amayamba ndi kutsuka mabawuti m'chitini cha petulo ndi kupatsira bwana masipanala ali pansi pa galimoto. Ku Mchesi mnyamata amatha miyezi akupala matabwa asanaloledwe kudula thabwa lake. Pakapita zaka sipanaboyi uja amamva vuto la injini ndi khutu lokha, koma kampani ikalengeza ntchito imafunsa satifiketi. Anthu otere tsopano TEVETA imawayesa pa luso limene analipeza kugalaja kapena kushedi, ndipo wokhoza amalandira pepala popanda kuyambiranso kalasi yoyamba.