Kalaliki wa pa Boma ndi Funso la "Kwanu N'kuti?"

M'masiku a Nyasaland, munthu wakumudzi akapita pa boma sakanawalambalala anthu atatu: Bwana Disi, mesenjala ndi kalaliki. Disi anali mzungu. Mesenjala nthawi zambiri ankakhala msilikali wakale wa Keyala, wodziwa kuima chilili ndi kuitana mayina mokuwa. Koma amene ankasunga kaundula wa msonkho, kulemba makalata opita kwa mafumu ndi kumasulira pa milandu anali kalaliki, ndipo kawirikawiri sankakhala mwana wa m'deralo.

Gwero la zimenezi linali sukulu. Mu 1894 Dr Robert Laws adatsegula Overtoun Institution ku Khondowe, pa mishoni ya Livingstonia, komwe anyamata ankaphunzira uphunzitsi, ukalaliki, kusunga mabuku a ndalama ndi kutumiza mauthenga pa telegalafu. Kumpotoko ntchito zolembedwa zinali zosowa, choncho Atonga a ku Bandawe, Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba ankatsikira ku Zomba ndi ku Blantyre, ena mpaka ku Salisbury ndi ku Joni. M'maofesi ankakumana ndi anzawo ophunzira ku mishoni ya Blantyre. Tebulo limodzi linkatha kukhala ndi Mtonga, Myao ndi Mmang'anja, onse akulemba Chingerezi, akucheza m'Chinyanja, aliyense n'kumakalota m'chiyankhulo chakwawo.

Chimene chinkawawawa onsewa chinali chimodzi: mipando yapamwamba inali ya azungu okha. Kalaliki ankatha kumera imvi pa mpando womwewo, akuonetsa ntchito kamnyamata kongotsika kumene kuchokera ku Mangalande, komwe mawa lake kazimulamula. N'zosadabwitsa kuti Nyasaland African Congress ya 1944 idabadwa pakati pa anthu oterewa. James Frederick Sangala anali kalaliki wa boma ku Blantyre, ndipo pulezidenti woyamba, Levi Mumba, anali wophunzira ku Livingstonia.

Ufulu utabwera mu 1964, ogwira ntchito m'boma adaganiza kuti nthawi yawo yakwana. Dr Kamuzu Banda sadafulumire kuchotsa azungu m'maudindo, ndipo adavomereza lipoti la Skinner lokhudza malipiro, lomwe Amalawi a m'maofesi adaliona ngati lowafinya. Nkhaniyi inali m'gulu la zomwe zidamuyambanitsa ndi nduna zake mu Seputembala chaka chomwecho. Ku Zomba ambiri mwa ogwira ntchito m'bomawo adakhalira kumbuyo ndunazo, mpaka kudabuka zipolowe pakati pawo ndi otsatira chipani cholamula cha Kongeresi. Kuyambira pamenepo, wophunzira wa mu ofesi adayamba kuyang'anidwa ndi diso lokayikira, makamaka ngati kwawo kunali kumpoto.

Zidafika pachimake mu 1989, pamene Kamuzu adalamula kuti aphunzitsi abwerere ku zigawo zakwawo. Mlandu wake unali wakuti aphunzitsi a kumpoto ankaphunzitsa mwadala mosaikirapo mtima ana a pakati ndi kumwera. Anthu amene adakhala zaka zambiri ku Dedza kapena ku Mulanje, adakwatira konko, ana awo osadziwa n'komwe Chitumbuka, adamanga mitolo n'kukwera malole. Mabanja ena adagawikana, bambo uku mayi uko. Sukulu zomwe adazisiyazo zidatsala ndi makalasi opanda mphunzitsi, ndipo amene adalipira anali ana omwe lamulolo linkati likuwateteza.

Lamulo la maboma ang'ono la 1998 lidalonjeza mphamvu ku anthu. Mlangizi wa zaulimi, namwino ndi mphunzitsi wa pulayimale adaikidwa pansi pa khonsolo, ngakhale kuti kwa zaka zambiri kalata yokwezedwa pa ntchito inkachokerabe ku Capital Hill. Wantchito wa mabwana awiri amadziwa yekha amene ayenera kumuopa. Makhansala adasankhidwa mu 2000, nthawi yawo idatha mu 2005, ndipo makhonsolo adayenda opanda iwo mpaka 2014.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Koma za zigawo zimakambidwa m'makhonde: mayina a ma DC atsopano akangotuluka m'nyuzipepala, anthu amawatsata ndi chala, dzina ndi dzina, n'kumafunsana kuti uyu kwawo n'kuti.