Mmene Jele anasandukira Jere kwa Mlonyeni

M'midzi ya kwa Mlonyeni ku Mchinji, munthu akapatsidwa madzi akumwa sathokoza potchula dzina la ubatizo. Amaomba m'manja n'kunena kuti "Zikomo a Jere", kapena a Tembo, kapena a Phiri. Ambiri amaona chiwongo ngati umboni wa magazi osasakanizika, koma mbiri ya dzina la Jere ikusonyeza kuti chiwongo chimasunga njira imene anthu anadzera kuposa magazi awo.

Dzinali silinabadwire kuno. Zwangendaba, amene anatsogolera Angoni kuchoka kumwera Shaka atagonjetsa a Ndwandwe cha m'ma 1819, anali wa mfunda wa Jele, ndipo mpaka lero ku Eswatini ndi ku South Africa kuli mabanja olemba Jele. Anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana, n'kukafera kutali ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ana ake atagawikana, Mpezeni anabwerera chakumwera n'kukhazikika dera la Chipata, ndipo ufumu wa Mlonyeni ndi nthambi ya nyumba imeneyo. Nanga "l" anathawira kuti? Anathera m'kamwa mwa amayi. Ankhondo aja anakwatira akazi a Chinsenga ndi a Chichewa, ana n'kuyamwa chilankhulo cha amayi awo, ndipo lilime la kuno likatchula "e" kapena "i" limakonda kugwera ku "r": timati kulira, kubereka, mbiri. Jele sakanapulumuka. Kusintha kwa chilembo chimodzichi n'kumene kukuulula kuti ngakhale banja lachifumu linasakanikirana ndi eni dziko msanga.

Wina anganene kuti chilembo si magazi, ndipo Angoni amatsata kuchimuna, choncho Jere ndi Jere basi. Pa nkhani ya ufumu akunena zoona, pakuti malowolo amapereka ana kwa bambo. Koma tamverani maina a anthu ovina ngoma pabwalo limodzi ndi a Jere: Moyo ndi Soko akukumbutsa za dziko la Akaranga kutsidya kwa Zambezi, Tembo, Daka ndi Lungu ndi a ku Unsenga, Banda ndi Mwale ndi Achewa. Onsewa amadzitcha Angoni ndipo palibe amawatsutsa, chifukwa gulu la Zwangendaba linkakula potenga anthu panjira n'kuwalowetsa m'midzi ndi m'magulu a nkhondo. Achewa nawo anasintha. Fuko lawo n'lakuchikazi, mwana ndi wa kwa malume ake, komabe lero chiwongo ambiri amatengera kwa bambo.

Azungu sasiyana nafe pamenepa. Ku Italy maina a mabanja anakhazikika kwambiri msonkhano wa Mpingo wa Katolika wa ku Trent utalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo ndi maukwati. Ferrari ndi mbumba ya wosula zitsulo, Rossi ndi ya munthu wofiira tsitsi, pomwe Esposito, dzina lofala ku Naples, linkapatsidwa kwa makanda otayidwa amene makolo awo sankadziwika. Apa dzina linachokera kwa mlembi, osati kwa kholo. Kunonso cholembera chinagwira ntchito yomweyo: Angerezi atagonjetsa Mpezeni mu 1898 n'kupha mwana wake Nsingo, kunabwera kaundula wa msonkho, mishoni ya Dutch ku Magwero mu 1899 ndi ya Abambo Oyera ku Kachebere mu 1903. Chiwongo, chimene chinali mawu aulemu, chinakhala dzina lachiwiri papepala.

Kodi ndiye kuti chiwongo n'chachabe? Ayi. Anyamata ndi atsikana amafunsanabe chiwongo asanayambe za ukwati, ndipo mlendo pamaliro amapeza pokhala akangotchula chake. Malire a atsamunda anaika Fort Jameson (lero Chipata) uko ndi Fort Manning (lero Mchinji) kuno, kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 anatsekera aliyense m'kalembedwe kamodzi, koma mwezi wa Febuluwale ukafika, a Jere a kwa Mlonyeni amadutsa malire pa Mwami kupita ku mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni, kumene amakalandiridwa ndi chiwongo chomwecho.