Ana obadwa masiku asanakwane m'makomboni a Lusaka

Mwana amatchedwa wobadwa masiku asanakwane ngati wabadwa mimba isanafike masabata 37. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 ana otere analipo pafupifupi 13.4 miliyoni padziko lonse. Ambiri amavutika kupuma, amazizidwa msanga, amalephera kuyamwa ndipo sachedwa kugwidwa ndi matenda.

Mwayi wawo wokhala ndi moyo sufanana. M'mayiko osauka, pa ana 10 obadwa masabata 28 asanakwane, oposa 9 amamwalira m'masiku oyambirira, pamene m'mayiko olemera amene amamwalira safika mmodzi pa 10. Ku America kusiyanako kumatsata khungu: mu 2022, amayi akuda 14.6 pa 100 alionse anabereka masiku asanakwane, pamene azungu anali 9.4.

Mu Lusaka kusiyanaku kumatsata kumene mayi amakhala ndi zimene ali nazo m'thumba, ngakhale kuti nakonso kunayambira pa khungu lomwelo. Mzindawu utakhala likulu la dziko mu 1935, atsamunda anakonza malo abwino kuti mukhale azungu, antchito achikuda n'kuwaika m'mphepete. Matero anamangidwira anthu akuda, pamene Kanyama, George ndi Kalingalinga anakula popanda mapulani. Lero Achewa, Ansenga, Abemba ndi Atonga amakhala khomo ndi khomo m'makomboni amenewa, ndipo madzi osefukira a m'dzinja kapena kolera sasankha mtundu.

Kuthamanga kwa magazi, chindoko, HIV yosalandirira mankhwala ndiponso kutenga mimba mtsikana akadali wamng'ono zimawonjezera ngozi yochira msanga. Zambiri mwa zimenezi azamba amazitulukira kusikelo, mayi akayamba kupitako mimba ikadali yaing'ono.

Zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama zinakulitsidwa mothandizidwa ndi dziko la Japan, komabe makanda odwala kwambiri amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha UTH. Paulendowo khanda likhoza kuzizidwa lisanafike n'komwe.

Chithandizo chimene chingafikire aliyense ndi njira ya kangaroo, yomwe inayambira mumzinda wa Bogotá mu 1978. Mayi amamangirira khanda pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, usana ndi usiku, ndipo kuyambira 2022 WHO imalangiza kuyamba khandalo litangobadwa. Njirayi sidalira magetsi, koma imafuna nthawi, imene mayi wogulitsa pamsika alibe. N'chifukwa chake anamwino amaphunzitsanso abambo ndi agogo kuti azilandirana khandalo likatuluka m'chipatala.